Kakiyi Kali pa Foni Yanuko, Mwini Wake Ndani?

Acinyamata anzanga a m'mipingo ya kuno ku Chongwe, tatulutsani mafoni anu muyang'ane pamwamba peni-peni, pafupi ndi pamene paonekera batire. Ambiri a inu mupezapo kakiyi kakang'ono, kapena zilembo zitatu zakuti VPN. Ndifuna kukufunsani funso limodzi, ndipo musathamangire kuyankha. Kodi kiyi imeneyo ndi ya yani? Inu muyesa kuti ndi yanu, kuti mwakhoma citseko ndipo palibe angaone za m'nyumba mwanu. Ine ndinena kuti citseko mwakhomadi, koma kiyi mwaipereka kwa mlendo amene dzina lake simulidziwa, kwao simukudziwa, ndipo ngakhale nkhope yake simunaionepo.

Kakiyi kameneka kanafala kuno pa tsiku limodzi, ndipo tsikulo tonse tilikumbukira. Panali pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho. Anthu akali pa mizera yoponyera voti, WhatsApp inaleka kugwira nchito, ndipo posakhalitsa Facebook, Messenger, Instagram ndi Twitter nazonso zinatsekeka. Amene anali ndi abale ku Lusaka, ku Chipata kapena ku Kitwe anasowa njira yodziwira ngati ali bwino. Pofika madzulo mbiri inali itawanda ponse-ponse yakuti mankhwala ake alipo: ikani VPN. Wina anakatenga pa Play Store, wina anacita kupatsidwa ndi mnzake pa Bluetooth kapena pa Xender, wina anapereka foni kwa mnyamata wokonza mafoni pa msika nati, "Ndiikireniko cija cotsegulira WhatsApp." Palibe anafunsa za mwini wake. Sindiwadzudzula ai, pakuti munthu amene nyumba yake ili kupsa safunsa kuti ndowa ndi ya yani.

Bungwe la Chapter One Foundation linatengera nkhaniyo ku High Court, ndipo pa 13 Ogasiti khoti linalamula kuti intaneti itsegulidwe. M'caka ca 2022 mlanduwo unatha ndi pangano lakuti ZICTA sidzacita kanthu kunja kwa mphamvu zimene lamulo liipatsa, ndi kuti intaneti ikadzasokonezeka idzafotokozera anthu cifukwa cake pasanathe maola 36. Moto unazima. Koma mlendo amene analowa m'nyumba usiku umenewo sanacoke. Akali m'mafoni ambiri mpaka lero, ndipo waitana ndi abale ake omwe.

Ndisanapite patali ndiyambe ndanena ndi akulu-akulu ena a mpingo amene akangomva za VPN amapukusa mutu nati cimeneco ndi cida ca Satana coonera zithunzi zolaula. Makolo anga, pepani, pamenepo mwalasa pambali. Alipodi ana amene amaigwiritsa nchito yonyansayo, ndipo amene ayesa kuti kakiyi ka pa foni kangambise pamaso pa Mulungu asowa Sande sukulu. Koma mabanki, mayunivesite ndi makampani akulu amagwiritsa VPN tsiku ndi tsiku kuti anchito ao alowe m'makompyuta a ku ofesi ali kutali. Atolankhani amaigwiritsa. Ndipo pa tsiku lija la masankho inathandiza anthu osalakwa kulankhula ndi abale ao. Mpeni suli chimo. Mlandu wanga uli ndi inu anzanga amene mukhulupirira VPN iliyonse monga mmene agogo athu ena anali kukhulupirira cithumwa, osafunsa kuti anacisoka ndani ndipo anaikamo ciani.

Cimene kakiyiko kamacita

Tiyeni tiyerekeze ndi kalata. Mukafuna kutsegula tsamba lililonse la pa intaneti, foni yanu imatumiza pempho kudzera ku kampani ya netiweki, kaya ndi MTN, Airtel kapena Zamtel. Kampaniyo ili ngati kondakitala wa minibasi amene mwampatsa kalata pa siteshoni ya Chongwe kuti akasiye ku Lusaka. Masiku ano makalata ambiri amakhala omata, ndiwo masamba aja amene keyala yao iyamba ndi https, kotero kondakitala sangawerenge za m'kati. Koma keyala ya pa envulopu amaiona. Adziwa kuti mwalembera yani, nthawi yanji, kangati pa tsiku, ndi kuti kalatayo ndi yolemera bwanji. Ndipo akauzidwa kuti makalata onse opita kwa uje asawanyamule, amawakana. Ndico cinacitika mu 2021.

VPN imatenga kalata yanu nkuiika m'envulopu ina yaikulu, yomata zolimba, yolembedwa keyala ya munthu wina wa ku dziko lakutali. Kondakitala angoona kuti mwalembera munthu wakutaliyo, basi. Munthuyo akalandira amang'amba envulopu yakunja, nkutumiza kalata yanu kumene munafuna, ndipo yankho likabwera amalibweza kwa inu momwemo.

Tsono taganizani bwino. Kodi cinsinsi canu cabisika? Kwa kondakitala, inde. Koma zonse zimene kondakitala anali kuona, tsopano aziona munthu wakutali uja: masamba onse amene mutsegula, nthawi yake, ndi komwe mwacokera. Kalata ikakhala yosamata, amatha kuiwerenga yonse, ngakhale kusinthamo mau. Simunathetse nkhani ya kukhulupirira munthu. Mwangosamutsa cikhulupiriro canu, kucicotsa pa kampani imene ili ndi ofesi ku Lusaka, imene mungaisumire ku khoti kapena kukaidandaulira ku ZICTA, nkuciika pa munthu amene mwina alibe ndi ofesi yomwe.

Ndipo pali zambiri zimene kakiyiko sikacita konse, ngakhale anyamata a pa msika amalumbira kuti kamacita. Mukaimba foni, mukatumiza SMS, kapena mukadinda manambala a nyenyezi aja potumiza ndalama za mobile money, zimenezo sizidutsa mu VPN. SIM yanu munailembetsa ndi reji yanu, ndipo nsanja za netiweki zidziwa dera limene foni yanu ili, kaya kakiyi kayaka kaya kazima. Mukalowa pa Facebook ndi dzina lanu ndi cithunzi canu, Facebook ikudziwani, ngakhale VPN itanama kuti muli ku Germany. Mauthenga a WhatsApp ali kale omata kuyambira kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, kuyambira m'caka ca 2016, ndipo VPN siionjezerapo kanthu pa mau a m'katimo. Mukalemba mwano m'gulu la anthu 80, amene adzakuperekeni ndi mmodzi wa anthu 80 amenewo atajambula uthengawo, ndipo palibe VPN imene ingamgwire dzanja. Komanso boma likazima intaneti yonse, monga zinacitikira ku Zimbabwe mu Januwale 2019, VPN imakhala ngati njinga yopanda mseu.

Zaulere, walipira ndani?

Apa ndipo pali mtima wa nkhani yanga. Kuyendetsa VPN kumadya ndalama. Pafunika makompyuta akulu-akulu m'maiko ambiri, magetsi usana ndi usiku, malipiro a akatswiri. Nanga munthu wa kutsidya la nyanja, amene sali mbale wanu, sali wa mpingo wanu, angaonongerenji cuma cake kuti inu wa ku Kanakantapa muonere mpira kwaulere? Wakukondani liti? Tonse tidziwa kuti wochera mbewa amaika nsawa pa diwa, ndipo nsawayo mbewa silipira.

Musayese kuti ndingoopseza. M'caka ca 2016 akatswiri a bungwe la zofufuza la boma la Australia, lochedwa CSIRO, pamodzi ndi anzao a ku mayunivesite ena, anayesa mapulogalamu a VPN okwana 283 a pa mafoni a Android. Anapeza kuti pa 100 alionse, 38 anali ndi zizindikiro za mapulogalamu oononga kapena ozonda, ndipo 18 sanali kumata makalata konse. Tamvani bwino pamenepo: kakiyi kanali kuyaka pa foni, mwini foni nkumadziona wotetezeka, koma envulopu inali pululu.

M'caka ca 2015 zinaululika kuti VPN yaulere yochuka yochedwa Hola inali kugulitsa intaneti ya anthu ake kudzera ku kampani yake ina yochedwa Luminati. Ndiye kuti amene anaika Hola anali kubwereketsa njira yake kwa anthu osawadziwa, kuti azicita zao pa intaneti moonekera ngati acokera m'nyumba mwake. Zaka zisanu ndi zinai pambuyo pake kunamveka zoopsa koposa. Mu Meyi 2024 boma la America linalengeza kuti laphwanya gulu lochedwa 911 S5, limene linalowa m'makompyuta a anthu wamba pa makeyala a intaneti oposa 19 miliyoni m'maiko pafupi-fupi 200. Linalowa bwanji? Mwa njira zina, kudzera mu VPN zaulere za maina okoma monga MaskVPN, DewVPN, ShieldVPN ndi ShineVPN. Akuba anali kulipira kuti adutsire m'makompyuta amenewo pocita zacinyengo, poopseza anthu ndi mabomba, ngakhale pa zonyansa zozunza ana. Apolisi akalondola mapazi, mapaziwo anali kuthera pa khomo la munthu wosalakwa amene anangofuna zaulere.

Mwina muti, "Amenewo ndi makampani ang'ono-ang'ono a m'ngodya, ine ndimasankha a maina akulu." Cabwino, tiyeni kwa wamkulu. M'caka ca 2013 Facebook inagula kampani yochedwa Onavo, ndipo inayamba kugawa VPN yaulere yochedwa Onavo Protect, yolonjeza kusunga zinthu zanu mosamala. Kumbali, inali kuwerenga mapulogalamu amene anthu atsegula ndi nthawi imene akhalapo, kuti Facebook idziwe opikisana nao amene ali kukula. Inacotsedwa m'sitolo ya Apple mu 2018 ndipo inatsekedwa mu 2019. M'caka comweco ca 2019 zinadziwikanso kuti Facebook inali kulipira anthu a zaka 13 mpaka 35 ndalama zofika madola 20 pa mwezi kuti aike pulogalamu ina ya mtundu womwewo, imene inali ndi mphamvu yosuzumira ngakhale m'makalata omata. Ana a zaka 13, msinkhu wa ang'ono athu a m'kalasi la cikhristu! Mu Julayi 2023 khoti la ku Australia linalamula makampani awiri a Facebook kulipira madola a ku Australia 20 miliyoni cifukwa cosoceretsa anthu pa nkhani ya Onavo. Ngati wolemera cotero anacita zimenezi, nanga uyo amene dzina lake ndi "Super Turbo Fast" cakuti-cakuti, amene keyala yake ndi imelo cabe?

Ndisasiye mtundu wina umene wafala kwambiri pakati pathu, wa bandulo yaulere. Muudziwa. M'magulu a WhatsApp ndi Telegram mumayenda timafailo timene amati mukatiika m'pulogalamu ya VPN muzitsegula intaneti popanda kugula bandulo. Ndidziwa kuti ndalama ndi yosowa, ndipo mwana wa sukulu wa ku Chalimbana kapena ku Palabana amene afuna kutsitsa manotsi sacita zimenezi cifukwa ca mwano. Koma tinene zoona ziwiri. Coyamba, kudya ca kampani mozembera popanda kulipira ndi kuba, ngakhale wobedwayo akhale wolemera. Caciwiri, kafailo kameneko ndi malangizo ouza foni yanu kuti zonse zanu zizidutsa pa kompyuta ya amene anakapanga. Ndani ameneyo? Mnyamata wina amene mumdziwa ndi dzina lopeka cabe. Mwapulumutsa makwaca khumi, ndipo mwamuika mlendo pakati pa inu ndi imelo yanu, pakati pa inu ndi kalata yanu yofunsira nchito, pa foni yomweyo imene musungira ndalama za kwaya. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Ife sitisunga kanthu"

Pafupi-fupi VPN iliyonse imalemba mau amodzi-modzi pa khomo pake, akuti iwo salemba m'buku zimene makasitomala ao acita. Mau amenewa ndi osavuta kulemba. Ngakhale ine ndingawalembe pa citseko canga lero.

Kumbukirani nkhani ya Agibeoni pa Yoswa 9. Anthuwa anali a pafupi pomwepo, koma anabvala nsapato zakutha, nanyamula matumba ong'ambika ndi mkate wouma wa nkhungu, nauza Yoswa kuti acokera kutali. Akulu a Israyeli anayang'ana mkatewo, nakhutira, nacita pangano osafunsira kwa Yehova. Patapita masiku atatu anazindikira kuti anyengedwa. Umboni umene anaukhulupirira unali umboni wobwera ndi wonyengayo mwini. Ndi mmene ticitira tikamawerenga malonjezo a kampani pa tsamba la kampani yomweyo, nkuwerenga nyenyezi zisanu za pa Play Store, nkunena kuti tafufuza.

Mu Julayi 2020 ofufuza anapeza nkhokwe ya pa intaneti yosiyidwa yosakhoma, ya VPN zaulere zisanu ndi ziwiri za ku Hong Kong, mwa izo UFO VPN, Super VPN ndi Rabbit VPN. Zonsezi zinali kulonjeza kuti sizisunga kanthu. M'nkhokwemo munali maimelo a anthu, mapasiwedi olembedwa poyera, makeyala a intaneti a kumene anthu anali, ndi mbiri ya zimene anali kucita. Ndiponso zinaoneka kuti maina asanu ndi awiriwo anali kudyera m'mbale imodzi. Mungacotse ina nkuika inzake muli kuyesa kuti mwasintha, pamene mwangotuluka khomo la kutsogolo nkulowanso la kumbuyo.

Ngakhale olipiritsa anagwidwapo bodza. M'caka ca 2017 kampani ya PureVPN, imene inali kunena kuti sisunga mbiri, inapatsa apolisi a FBI zolemba zimene zinathandiza kugwira mwamuna wina wa ku Massachusetts amene anali kuzunza mtsikana pa intaneti. Kuti munthuyo anagwidwa, ine ndikondwera, ndipo Mkhristu aliyense ayenera kukondwera. Koma funso likhalabe: buku limene anati kulibe, linacoka kuti tsiku limenelo?

Nanga wokhulupirika tingamdziwe bwanji? Monga mmene timdziwira msungicuma wabwino: pa tsiku limene mabuku atsegulidwa mwadzidzidzi. Kazembe wa Russia, Andrei Karlov, ataphedwa ku Ankara mu Disembala 2016, apolisi a ku Turkey analanda kompyuta ya ExpressVPN pofufuza, ndipo sanapezemo mbiri ya makasitomala. Mu Epulo 2023 apolisi a ku Sweden anafika pa ofesi ya Mullvad mu mzinda wa Gothenburg ndi cikalata ca khoti, nabwerera cimanja-manja, pakuti zimene anafuna kunalibe. Mullvad imeneyi polembetsa sikufunsani dzina kapena imelo, imangokupatsani nambala, ndipo mtengo wake ndi mayuro 5 pa mwezi. Sindili kukugulitsani malonda a munthu ai, ndipo kampani imene inacita bwino dzulo ingagulidwe ndi wina mawa. Ndingokuonetsani kusiyana kwa lonjezo ndi umboni. Makampani ena amaitana akatswiri akunja owerengera, monga a Deloitte, KPMG kapena Cure53, kuti ayendere makompyuta ao nkulemba lipoti. Zimenezo nzabwino, malinga lipotilo likhale poyera, lokhala ndi caka cake, pakuti woyendera amangoona za masiku amene anabwera. Ena amaika poyera malemba onse a pulogalamu yao kuti wodziwa aliyense awafufuze. Onaninso mmene kampani imacitira zinthu zikalakwika: kompyuta ina ya NordVPN ku Finland inalowedwa ndi akuba m'caka ca 2018, koma anthu anauzidwa mu Okutobala 2019.

Wina adzati, "Ine ndinawerenga pa Google mndandanda wa VPN khumi zabwino koposa." Mbale wanga, amene analemba mndandandawo adya kuti? Masamba ambiri otere amalandira kangacepe pa munthu aliyense amene wagula kudzera mwa iwo. Ndipo tamvani izi. Kampani yochedwa Kape Technologies, imene kale inali Crossrider, inagula CyberGhost mu 2017, Private Internet Access mu 2019, ndi ExpressVPN mu 2021 pa madola 936 miliyoni. M'caka comweco ca 2021 inagulanso kampani imene inali mwini wa masamba oweruza VPN ochedwa vpnMentor ndi Wizcase. Tayerekezani mpikisano wa makwaya a dera lathu, pamene woweruza ndi mwini wa makwaya atatu mwa opikisanawo. Mwina aweruza moona. Koma kodi simungafune kuuzidwa musanaombe m'manja?

Funsaninso kuti kampaniyo ili pansi pa lamulo la dziko liti, pakuti palibe mwini kampani amene adzalowa m'ndende cifukwa ca inu. Mu Epulo 2022 boma la India linalamula kuti makampani a VPN azisunga maina ndi mbiri ya makasitomala kwa zaka zisanu. ExpressVPN, NordVPN ndi Surfshark anacotsa makompyuta ao m'dzikomo. Amene anakhala, mudziyankhe nokha. Ngakhale Proton ya ku Switzerland, imene ambiri amailemekeza, mu 2021 inakakamizidwa ndi lamulo la kwao kupereka keyala ya intaneti ya munthu wina wa ku France amene anali kugwiritsa imelo yao. Inali imelo, siinali VPN, koma phunziro lake ndi lomwelo.

Kuno kwathu nkhani ya malamulo yakula. Lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes la 2021 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, amene President Hakainde Hichilema anasaina mu Epulo 2025. Ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka inacenjeza nzika zake za mphamvu zomvetsera mauthenga zimene zili m'menemo, a Law Association of Zambia nao anadandaula, ndipo boma linayankha kuti kumvetsera kulikonse kufunika cilolezo ca khoti. Ena amathamangira ku VPN zaulere. Nkhawa yao ndiimvetsa. Koma amene aopa kuti boma lingamsuzumire, nkupereka zonse zake kwa munthu wosadziwika amene alibe khoti, alibe phungu, alibe masankho omcotsera pa mpando, wathawa mvula nkukagwera m'mtsinje wa Chongwe. Lamulo likakhala loipa timalitsutsa poyera monga nzika, monga anacitira a Chapter One Foundation. Kakiyi sikasintha lamulo.

"Ine ndilibe cobisa"

Awa ndiwo mau amene amandipweteka koposa, cifukwa amachulidwa ndi anthu abwino. Amati, "Ine ndine wosauka, adzandibera ciani? Ndine Mkhristu, ndilibe cobisa." Mfumu Hezekiya nayenso analibe cobisa. Pa 2 Mafumu 20 timva kuti atacira, analandira amithenga a ku Babulo amene anabwera ndi kalata ndi mphatso, ndipo mwa cimwemwe anawaonetsa siliva, golide, zida ndi zonse za m'nyumba yake. Mneneri Yesaya anamuuza kuti zonsezo zidzatengedwa kunka ku Babulo, pamodzi ndi ena mwa ana ake. Onani kuti amene anadzalipira kwambiri ndi ana, amene sanafunsidwe.

Foni yanu si yanu nokha. Muli manambala a amai anu, a abusa, a gulu lonse la acinyamata. Muli uthenga wa mlongo uja amene anakupemphani kuti mumpempherere pa matenda amene sanauze ngakhale makolo ake. Muli cithunzi ca reji ya mng'ono wanu cimene munatumiza pofunsira malo a sukulu. Muli mndandanda wa amene apereka ndi amene sanapereke za msonkhano wa misasa. Pulogalamu yoipa ikalowa, makamaka ija yopatsana pa Xender imene simudziwa amene anaikonza-konza m'njira, singoyang'ana makalata odutsa, imapempha kulowa m'zipinda zonse. Ikufunsani kuti muilole kuona manambala a anzanu, ma SMS, zithunzi, kamera, malo amene muli, ndipo inu mumangodinda kubvomera cifukwa mwafulumira. VPN ifuniranji ma SMS anu? M'menemo ndimo mumafika manambala acinsinsi otsimikizira za ku banki ndi za WhatsApp. Ndipo mumadabwa kuti anthu aja otumiza mauthenga akuti "tumizani ndalama ija pa nambala iyi" amatola kuti manambala athu. Njira zao nzambiri, koma ife tisawaonjezere ina. Wosauka ali naco cobedwa: dzina lake, limene wakuba adzapemphera nalo ndalama kwa abale ake.

Sindinena kuti yaulere iliyonse ndi msampha. Proton VPN ili ndi gawo laulere, ndipo inena poyera kuti ndalama zake zicokera kwa makasitomala olipira. Psiphon, imene ambiri anaigwiritsa mu 2021, inabadwira ku Citizen Lab ya pa University of Toronto m'caka ca 2006, ndipo eni ake amanena okha kuti nchito yake ndi kutsegula zotsekedwa, si kubisa munthu. Ndimalemekeza wamalonda amene auza wogula zimene katundu wake sangacite. Kusiyana kwake nkwakuti awa mungawaloze ndi cala: dzina lao ili, mzinda wao uwu, ndalama zao zicokera apa. Kufufuza zimenezi kumatenga mphindi khumi. Lembani dzina la VPN yanu pa Google pamodzi ndi liu lacingerezi lakuti owner, kenaka lakuti leak, muone cimene cituluke. Mukapeza kuti mwini wake sadziwika, yankho mwalipeza kale. Safunsa anadya phula.

Ndipo ambiri a inu, kunena zoona, VPN simuifuna tsiku ndi tsiku. Imadya batire, imacedwetsa intaneti, ndipo kuwerenga Baibulo la pa foni kapena kutumiza nyimbo za kwaya sikuisowa. Malo ake ndi pamene muli pa Wi-Fi ya anthu onse, monga pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda kapena pa koleji, ndi pa tsiku limene njira zatsekedwa. Ya tsiku limenelo isankheni lero, mitima ili m'malo, muitenge ku sitolo yeni-yeni ya Google kapena Apple, mutayang'ana dzina la kampani yoipanga, pakuti maina onamizira ofanana ndi eni-eni ndi ambiri. Iliyonse imene ikuuzani kuti muike "certificate" m'foni, ikaneni pomwepo, cifukwa cimeneco ndico cida cong'ambira makalata omata.

Kwa atsogoleri anzanga a magulu a acinyamata, kucokera ku Kasisi mpaka ku Chalimbana, ndipempha cinthu cimodzi. Pa msonkhano wanu wotsatira patulani theka la ola. Wapampando, mlembi ndi msungicuma ayambe ndiwo kuika mafoni pa thebulo. Aliyense atsegule pa Settings, apeze pamene alemba VPN, awerenge mokweza maina amene alipo, ndipo anene mwini wake ndi dziko lake. Imene mwini wake sadziwika icotsedwe pomwepo, pulogalamu yake pamodzi ndi timafailo take, kenaka musinthe mapasiwedi a imelo ndi a Facebook, muyatsenso PIN ya WhatsApp ija yotsimikizira kawiri. Foni imene isunga ndalama za gulu isakhale ndi kafailo ka bandulo yaulere ngakhale kamodzi, ndipo zimenezi zilembedwe m'maminitsi. Msungicuma akakana, komiti impatse sabata limodzi, ndipo likatha ndalamazo zisamutsidwire ku nambala ina.